Che Amidu, Wofunsa za Lolemba

Sadaka ya Che Amidu inachitika Loweruka lapitali. Ine sindine Msilamu, koma mpunga ndinadya, ndipo ndinakhala pamkeka wa akuluakulu chifukwa ndi pamene pandiyenera. Anthu analankhula zambiri zowatamanda. Ena mwa olankhulawo ndi omwe aja anakhala nyengo yaitali osawapatsa moni, chifukwa Che Amidu anakana kuthamangitsa mwana wawo Yusufu. Sinditsutsa munthu pamwambo wa mnzanga. Ndinadya, ndinasamba m'manja, ndinabwera kunyumba. Zimene sindinanene kumeneko ndizinena pano.

Kuno ku Chawama onse ankati ba Amidu. Ine ndekha ndinkati Che, monga amatchulira kwawo ku Mangochi, kumene bambo awo anachokera wapansi kudzafuna ntchito. Bambo anga nawonso anachokera ku Malawi, cha ku Dedza. Ife awiri tinabadwira kuno, tinakulira kuno, ndipo tinakhala nyumba zoyandikana kuyambira ana athu asanabadwe mpaka anawo atayamba imvi. Iwo ankakhoma mbaula ndi ndowa. Ine ndinali womanga nyumba, ndipo ndine mkulu wa mpingo. Za ine zathera pamenepa.

Anali munthu wamfupi, wa mapewa aakulu. Khutu lakumanzere linagontha kalekale ndi phokoso la nyundo, choncho pomvetsera ankapendeketsa mutu ngati nkhuku yoona kabawi. Zala zawo zinali zipsera zokhazokha za malata. Kofiya yoyera sinkachoka kumutu, ndipo sindinaione itada ngakhale m'nyengo ya fumbi. Tiyi ankamwa wotentha kwambiri, ali chiimire. Wailesi sankaikonda. Ankati imalankhula tsiku lonse koma siyankha funso.

Mafunso ndiwo anali matenda awo.

Wodziwa Chawama akudziwa kuti kuno Mulungu amaitanidwa m'njira iliyonse. Ena m'matchalitchi a njerwa ngati lathu, ena m'matenti, ena m'makalasi a sukulu, ena pabwalo ndi ng'oma atavala zoyera, ena amakwera basi kupita kuphiri. Anthu onsewa amaphika, ndiye onse ankafika pakhonde la Che Amidu ndi mbaula zothyoka miyendo. Munthu podikira ntchito yake amalankhula. Wina akangoti dzulo Mzimu unamutsikira, kapena walota malemu amayi ake akumuitana, Che Amidu ankaika nyundo pansi n'kutembenuza khutu labwino lija. Ankafunsa kuti zinayambira pati, m'mutu kapena pachifuwa. Kunali kutentha kapena kuzizira. Anamutengera kumeneko ndani, ndipo atadzuka pansi anamugwira dzanja ndani. Sankaseka. Sankanena kuti ndi zoona, sankanenanso kuti ndi zabodza. Munthu akamaliza, nkhope ili ngwee, ankamufunsa mofatsa funso lomaliza: nanga Lolemba munachita chiyani?

Ambiri linkawakhumudwitsa. Munthu wakuuza kuti waona kumwamba kutatseguka, iwe ukumufunsa za Lolemba. Koma iwo sankachita chipongwe. Ankafunadi kudziwa ngati munthuyo anadzuka kupita kuntchito, ngati analankhula ndi mkazi wake mwaulemu, ngati anabweza wilibala ya mnzake. Ankati m'chifuwa cha munthu amaonamo Mulungu yekha, iwo alibe kiyi wake. Koma pakhomo pa munthu aliyense angathe kuonapo. Mkazi wawo, amake Yusufu, ankawakalipira ali kukhitchini kuti anthu abwera kudzakonzetsa mbaula, osati kudzazengedwa mlandu. Iwo ankati khutu limenelo ndi logontha.

Panali mayi wina wamasiye, amake Dalitso, amene anabwera kuchokera ku Petauke wopanda mbale aliyense muno. Analowa kwa a Zioni. Lamlungu lililonse ankazungulira ndi ng'oma mpaka kugwa. Ine ndinati chimenecho ndi chizungulire basi, ngakhale mwana akazungulira amagwa.

"Ba neba," anatero Che Amidu, "munamuona mai uja akalibe kuyamba kugwa? Anali kukhala pakhomo tsiku lonse, tsitsi osapesa, mwana alira iye osamva. Manje akazinga vitumbuwa. Pamene anadwala, azimai a zoyera anabwera kumutungira madzi. Ngati ni chizungulire, bwenzi achipereka ku kiliniki."

Koma sankavomereza chilichonse. Mwamuna wina wa kuseri kwa msika anapita kuphiri n'kubwerako akunena kuti waona kuwala. Anasiya ntchito ya ulonda, anasiya kumeta, nayamba kukhala kuphiri komweko, ana ake akudya kwa aneba. Che Amidu anati za kuwalako sakutsutsa, mwina anakuonadi, koma kunyumba kwake sikunafike. A kumzikiti kwawo nawonso sankawasiya. Panali mkulu wina wa chipsera chakuda pamphumi chifukwa chogunditsa pansi popemphera, amene mkazi wake ankathawira kwathu diso litatupa. Za ameneyo anati swala yake imathera pamkeka pomwepo.

Popita zaka anayamba kuona zinthu zimene ife tinkangozidutsa. Ndi iwo anandionetsa kuti amene amagwa kwambiri m'mapemphero ndi amene anabwera m'tauni okhaokha. Anandionetsa kuti amuna anachuluka kuphiri nthawi imene makampani ankatseka. Ankati ukafuna kudziwa mpingo usapite Lamlungu, upite pamaliro a munthu wosauka wa mpingowo, uone amene akuwaza nkhuni ndi amene wangobwera kudzalalikira. Mdzukulu wanga wa ku yunivesite akuti kuli anthu ophunzira amene ntchito yawo ndi imeneyi, kufufuza zimene chipembedzo chimachita m'moyo wa anthu n'kusiya funso la amene ali wolondola. Ananditchulira dzina lake lachizungu. Sindinaligwire. Ndinamuuza kuti amenewonso ndikanakangana nawo.

Pakuti ine ndi Che Amidu tinakangana moyo wathu wonse. Ine ndimakhulupirira kuti choona ndi choona, kaya chakuthandiza kaya sichinakuthandize. Ndinkawauza kuti munthu atha kumwa madzi a mumtsuko atanamizidwa kuti ndi mankhwala, n'kuchira. Kuchirako sikusandutsa madzi kukhala mankhwala. Iwo ankayankha kuti wochira ndi madzi amadwalanso msanga, ndiye chofunika ndi kudikira, pakuti ndowa yokhoma bwino ndi yokhoma mwachinyengo zonse zimawala tsiku loyamba. Ndinkati Mulungu si mbaula yoti tiziyesa ngati ikuyaka. Ankati sakuyesa Mulungu, akuyesa chimene chafika kwa munthu, chifukwa pakati pa kumwamba ndi Chawama katundu amatayika wambiri. Tsiku lina nditatopa ndinawauza kuti mawu onga amenewo alimo kale m'buku lathu, si nzeru zawo. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Ati alimo? Nanga bwanji simuwatulutsako, ba neba, awombedweko mphepo?"

Ndinakhala masiku angapo osaponda pakhonde pawo. Anatuma mkazi wawo kudzabwereka fosholo imene sankaifuna. Ndinakaipereka ndekha.

Maganizo sindinasinthe mpaka lero. Ndikulemba zimene iwo anali, osati kuti anandigonjetsa.

Kamodzi kokha anandiuza za iwo eni. Zinachitika ali mnyamata, pa sikiri ya maliro a amalume awo. Sikiri ndi pamene amuna amaima mozungulira n'kumatchula dzina la Mulungu ndi mpweya wa m'chifuwa, mobwerezabwereza. Anati anamva ngati thupi lachoka, kwatsala mpweya wokha, ndipo mpweyawo sunali wawo. Ndinaona mpata. Ndinawaponyera funso lawo lomwe. Anati Lolemba lake anakwera sitima kupita ku Kabwe kukapepesa mkulu wawo amene sankalankhulana naye. Anati zikanapanda kutero, bwenzi akuganiza kuti kunali kubanika chabe.

Mkazi wanga atamwalira, zaka zingapo zapitazo, pemphero linauma m'kamwa mwanga. Ndinkagwada, osamva kanthu. Kumpingo sindinauze munthu. Ndinauza iwo. Sanandilalikire. Anafunsa kumene ndinali sabata imeneyo, ndipo ndinati ndinakayendera odwala a m'dera langa monga mwa udindo. Anati ndiye motowo ulipo. Mbaula ikakutidwa ndi phulusa imaoneka yozima, koma amene wakhala pafupi amamva kufunda. Ananditsanulira tiyi. Nkhaniyo sitinaibwerezenso.

Tsopano za Yusufu.

Anali mwana wawo wamwamuna yekhayo pakati pa atsikana. Anakula bwino, anaphunzira kuwerenga Chiarabu, kenako anapita kukaitanira mabasi ku siteshoni, ndipo kumeneko anakumana ndi kachasu. Mowa unamudya. Mkazi wake anatenga ana n'kubwerera kwa makolo ake ku Linda. Yusufu anadzakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya bambo ake. Kangapo ndinamutola ndekha mu ngalande. Pa nthawiyo Che Amidu ndiwo ankaitana anthu kumzikiti, ndipo mawu awo ankamveka mpaka kunjanji. Munthu woitanira anthu kwa Mulungu, mwana wake ali gone m'matope. Anayesa kulangiza, anayesa ndodo, anayesa mashehe ndi madzi owerengera. Palibe chinagwira.

Masana ena a nyengo yotentha, mvula ili pafupi, Yusufu analowa m'tenti ya mapemphero kutsidya kwa njanji. Iye mwini amati analowera mthunzi. Anagwa pansi, analira ngati mwana, ndipo anamva ngati munthu akumusambitsa ndi madzi ofunda kuyambira kumutu. Anafika kunyumba maso ali ofiira koma osanunkha. Ine ndinali pakhonde pomwepo.

"Baba, napulumutsidwa. Nalandira Yesu."

Che Amidu anatembenuza khutu logontha. Ndinaona ndi maso anga, anatembenuza logontha. Kenako anaika nyundo pansi nalowa m'nyumba. Masiku otsatira mbali yathu ya Chawama kunalibe phokoso la malata.

Wina angaganize kuti ine ndinakondwa. Matenti sindiwakonda. Mpingo wathu uli ndi buku la nyimbo ndi dongosolo. Munthu amaphunzira kalasi asanabatizidwe, sagwa pansi ngati thumba la makala. Komanso ndinkamva mnzanga akutsokomola kuseri kwa khoma, ndipo ndinkadziwa kuti si chifuwa.

Akuluakulu a kumzikiti anabwera Lachisanu atatha kuswali. Wowatsogolera anali ba Sumani, wogulitsa nsalu, munthu wamtali wosaseka, amene ndinkamulemekeza chifukwa tinkafanana mtima. Anakhala pakhonde. Ine ndinali kuseri kwa mpanda, ndipo sindichita manyazi kunena kuti ndinamva zonse.

"Ba Amidu, nkhani ni yaifupi," anatero ba Sumani. "Mwana akasiya chipembedzo wasiya nyumba. Achoke pano. Musadye naye mbale imodzi. Mukapanda kutero, anthu azamvera bwanji kuitana kwanu?"

"Pamene anali kugona mu ngalande simunabwere kuniuza kuti nimuchotse."

"Chidakwa chingalape. Uyu wakana."

"Namva. Nipatseni mpaka mvula ikathe."

"Kuti muone chani?"

"Kuti nione chamene chamugwira."

Ba Sumani anaimirira nakutumula mkanjo wawo. "Ndiye mpaka mvula ikathe azaitana wina."

Madzulo a tsiku lomwelo tinamva mawu achilendo akuitana. Chimenecho chinawapweteka Che Amidu kuposa mmene anthu akudziwira. Nthawi yoitana ikakwana, milomo yawo inkayenda yokha. Kumzikiti ankapitabe, koma ankaima mzere wakumbuyo, ndipo potuluka manja ambiri ankawalumpha.

Lamlungu lina anandigogodera. "Ba neba, mukachoka ku tchalitchi kwanu muniperekeze. Nifuna kuona kwamene mwana wanga apita."

Tinapita. Sitinalowe, iwo chifukwa cha kofiya, ine chifukwa cha ulemu wanga. Tinaima pansi pa mtengo wa mango kutsidya kwa msewu, madala awiri m'matope. M'tentimo anthu ankakuwa onse nthawi imodzi. Ine ndinati uku ndi kusokosera Mulungu. Che Amidu ankangodikira potuluka. Yusufu anatuluka ali pakati pa amuna awiri a msinkhu wake. Mmodzi tinkamudziwa, nayenso anali chidakwa cha pa siteshoni. Anamuperekeza njira yozungulira, yosadutsa pa shabini. Che Amidu anandigwira mkono.

"Mwaona? Adziwa pamene pali dzenje."

Anakweranso basi kupita ku Linda kukaona mpongozi wawo. Sanakamupemphe kuti abwerere. Anangofunsa ngati Yusufu amafika, ndipo akafika amalankhula bwanji. Anauzidwa kuti amafika Loweruka ndi kaufa ndi kapenta, amakhala panja, sakweza mawu.

Zikanathera pamenepo bwenzi nkhaniyi ili yokoma ngati ulaliki. Sizinathere pamenepo. Mowa unachoka, m'malo mwake munalowa mwano. Yusufu anayamba kulalikira m'nyumba ya bambo ake. Anakana nkhuku imene bambo akewo anazinga. Ankaimba mokweza iwo akuswali. Ndipo tsiku lina m'mwezi wa kusala, amayi ake ali ndi njala ya tsiku lonse akuphika chakudya chomasulira, anaima pakhomo la khitchini nawauza kuti kusala kwawo n'kwachabe, akapanda kutembenuka akapsa kumoto. Mayiyo anabwera kwa mkazi wanga, amene nthawiyo anali adakali moyo, nakhala pansi, nalira osatulutsa mawu.

Apa ndinati ba Sumani apambana. Ndinawauza Che Amidu kuti mwana wonyoza mayi ake ngakhale ine ndikanamuthamangitsa. M'mawa mwake anamuitana Yusufu pakhonde. Anandiitananso ine, ati pafunika mboni ya mbali inayo.

"Khala pansi. Uniuze bwino. Tsiku lija unagwa, unamva chani?"

Yusufu anadabwa, pakuti kanali koyamba bambo ake kumufunsa. Anafotokoza zonse, za madzi ofunda, za chikatundu chimene chinachoka pamsana. Che Amidu anamvetsera ndi khutu labwino mpaka kumapeto, monga ankachitira ndi alendo.

"Wamene anakusambika uja, anakutukwana?"

"Awe, Baba."

"Anakuuza kuti ndiwe wa kumoto? Paja unali kununkha, unali na matope."

"Awe. Ananilandira chabe."

"Nanga iwe mwano wautenga kuti?"

Yusufu anawerama.

"Mvera, mwana wanga. Siningakunamize kuti nakondwa. Nipempha Mulungu tsiku lililonse kuti ubwerere, ndipo nizapempha mpaka kufa. Koma botolo lamene linanikanga ine, na ndodo, na mashehe, lachoka. Icho nachiona, siningakane. Manje bwerera kwamene unagwa. Ukamuuze wamene anakugwira kuti ntchito sanatsirize. Wakuchotsa mowa, koma akalibe kukuphunzitsa kulankhula na amai ako. Usaponde pakhonde pano mpaka atsirize."

Ndakhala m'mabwalo a mpingo zaka zambiri. Sindinaonepo bambo akutumiza mwana wake m'chipembedzo chimene iye akuchikana, kuti akalowe mozama. Yusufu atachoka ndinawafunsa ngati akudziwa chimene achita. Anati akudziwa: akanamukokera kumzikiti ndi chingwe, akanabwera ndi botolo lake. Atatero anatenga nyundo, koma sanakhome. Anangoigwira.

Chimene Yusufu anakalankhula ndi Mulungu sindikuchidziwa. Chimene ndinaona n'chakuti mwezi wa kusala usanathe anayamba kutungira amayi ake madzi kumpope, ndipo madzulo ena anagwada pakhomo la khitchini lomwe lija, munthu wamkulu ndi ndevu zake. Nkhuku anadya. Patapita nthawi mkazi wake anabwerera ndi ana.

Mvula itatha ba Sumani anabweranso. Che Amidu anawauza kuti mwana sachoka. Anati sanganene kuti njira ya Yusufu ndi yoona, pakuti saikhulupirira, koma sangathamangitse pakhomo chinthu chimene chawabwezera mwana. Ba Sumani anati ndiye mwasankha. Kuitana kuja sanawabwezerenso. Zaka zonse zotsatira Che Amidu anaswali kumbuyo. Moni unabwerera pang'onopang'ono, wina chaka chino, wina chaka chinacho. Wa ba Sumani sunabwerere.

Musaganize kuti bambo ndi mwana anagwirizana. Anatsutsana mpaka kumapeto. Yusufu ankabweretsa abusa ake kudzawapempherera. Iwo ankawalandira, kuwapatsa tiyi, n'kuwafunsa mafunso mpaka abusawo kuyamba kuyang'ana wotchi. Che Amidu nawonso pa chikondwerero chilichonse cha Idi ankasiya kofiya yatsopano pawindo la Yusufu. Iye ankaipinda bwino n'kuisunga. Sanaivale.

Kenako miyendo inayamba kukana, maso n'kuchita nkhungu. Yusufu, amene tsopano amayendetsa minibasi, Lachisanu lililonse masana ankaimika galimoto, kaya mwini wake anene chiyani, n'kubwera kudzawatenga. Ankayenda pang'onopang'ono, dzanja la bambo lili paphewa la mwana. Pakhomo la mzikiti Yusufu ankagwada, kuwavula nsapato, n'kuwapereka m'manja mwa munthu wina. Iye ankakhala panja pa buloko ya simenti pafupi ndi mpope wosambira, nsapato za bambo ake zili pamiyendo, mpaka swala ithe. Olowa ankamudutsa. Ena ankayang'ana kumbali.

Anamwalira m'mawa, kunyumba, mvula ikuwaza. Asilamu sachedwa ndi maliro. Pofika masana anali atasambitsidwa ndi kukulungidwa mu nsalu yoyera. Yusufu sanaloledwe kulowa kosambitsa, ndipo pamzere wa swala sanaime. Sanadandaule, ankadziwa. Anaima ndi ine kunja kwa mpanda, Akhristu awiri. Nkhawa yake inali imodzi, ndipo anandinong'oneza.

"Ba Banda, bazanilola kunyamula?"

Ndinati sindikudziwa. Sindinamiza munthu pamaliro.

Kumanda, kuchokera pamene lole yaima, jeneza, chonyamulira maliro chija, imayenda pamapewa. Amuna amalandirana mwachangu, wina akalowa kutsogolo wina amatuluka kumbuyo, kuti aliyense agwireko. Yusufu ankayenda m'mbali, manja ali kumbuyo. Palibe anamuitana. Dzenje linali kuyandikira. Ba Sumani, amene tsopano amayendera ndodo ndipo sangathe kunyamula kanthu, anali kutsogolo kwanga. Anaima. Anatembenuka, nakweza ndodoyo, naloza.

"Iwe. Mwana wa Amidu. Uyembekeza chani? Phewa lamene anazolowera ni lako."

Anthu anapatuka. Yusufu analowa kutsogolo, kudzanja lamanja, ndipo palibe anabwera kudzamulandira mpaka pamanda. M'dzenje sanatsike, anatsika ena. Koma dothi anaponya. Ba Sumani sanamuyang'anenso, ndipo pa sadaka sanalankhule kanthu. Ndinawapatsa moni ine. Anayankha.

Dzulo linali Lachisanu. Ndinadutsa kumzikiti masana pochokera ku kiliniki, ndipo ndinaima chapatali. Asilamu salola mpata pamzere, amagundanitsa mapewa. Choncho mkatimo malo a Che Amidu anatsekeka kale, sungadziwe kuti panali munthu. Malo opanda munthu ali panja. Nsapato zinali mbwee pakhomo: patapata, magambuti a matope, tinsapato ta ana. Buloko ija ili pomwe inali, pafupi ndi mpope, pamwamba pake posalala chifukwa chokhalidwa. Mvula yagwetserapo masamba ndipo palibe wawachotsa. Nsapato zochuluka choncho zinalekezera patali pang'ono. Palibe amene anaika zake pamenepo.

Kumsewu minibasi inafika n'kuima, popanda wokwera kapena wotsika. Okwera anayamba kudandaula. Injini inangolira kwa kanthawi. Kenako inanyamuka.